Mphete ya Pamsika

Lolemba pa 11 Malichi 2024, tsiku la Nyepi, Sudiasih anapeza mlendo wake atakhala pansi m'khitchini, kuseri kwa matumba a mpunga, akadali ndi zovala zomwe anavala dzulo lake. Ng'oma yamtengo ya pabwalo la mudzi inali italira kale. Kuyambira pamenepo mpaka m'mawa wa Lachiwiri, pachilumba chonse cha Bali panalibe wololedwa kutuluka pachipata, kukoleza moto, kuyatsa nyali kapena kukweza mawu. Bwalo la ndege linali lotseka, ndipo intaneti ya pafoni inali itadulidwa.

Mlendoyo anali Tahlia, mtsikana wa ku Australia amene ankayenda yekha. Anafika Lachinayi ndi chikwama chimodzi chakumsana, ndipo Sudiasih anamupatsa chipinda cha kumapeto kwa bwalo, chimodzi mwa ziwiri zomwe iye ndi mwamuna wake anamangira alendo. Mwamunayo, Wirya, anali kunyanja za ku Ulaya komwe ankaperekera zakudya m'sitima, ndipo sankayembekezeka mpaka mu Ogasiti. Pakhomopo panatsala Sudiasih, apongozi ake a Men Rimpig, ndi mlamu wake Parwata, yemwe tsikulo analawirira kumsewu ndi alonda anzake a mudzi.

"Mwatani, achemwali? Mwadwala?" anafunsa Sudiasih monong'ona.

"Ibu, munthu ali m'chipinda changa uja anamulowetsa ndani?" anafunsa Tahlia, akumutchula Ibu, kutanthauza mayi.

"Ndine. Si amuna anu aja?"

"Ine ndilibe mwamuna."

Sudiasih anayang'ana dzanja la mtsikanayo. Mphete inali pomwepo, pachala chake cha ukwati.

Mphete imeneyo mudzi wonse unali utaiona. Kumeneko munthu sadutsa osafunsidwa komwe akupita, ngati wadya, ngati ali pabanja ndiponso ana alipo angati. A Men Rimpig anafunsa zonsezi Lachinayi lomwelo chikwama chisanatsike pamsana, ndipo Tahlia anatambasula chala n'kunena kuti mwamuna wake watsalira ndi ntchito, abwera pambuyo. Anabwereza zomwezo kwa mayi wogulitsa khofi pamphambano. Anabwerezanso kwa Parwata atamutenga pagalimoto kukaona mathithi.

Ndiye Lamulungu masana, Tahlia atapita kukaonera anyamata akunyamula zidole zikuluzikulu za ziwanda, panafika mzungu wamtali panjinga yamoto. Anavula nsapato asanakwere pakhonde. Anagwirizanitsa manja pachifuwa popereka moni, anapatsa agogowo kabokosi ka makeke, n'kunena kuti dzina lake ndi Grant, mwamuna wa Tahlia, ndipo wabwera mosamuuza kuti amudzidzimutse. Anaonetsa chithunzi pafoni, awiriwo ali m'boti, mkono wake uli paphewa la mtsikanayo. Sudiasih anasangalala. Anamupatsa kiyi wapadera ndi thaulo lachiwiri, n'kukaika duwa papilo. Pasipoti sanamufunse. Chipindacho chinali kale ndi mwini wake, ndipo mwamuna safunsidwa mapepala polowa m'chipinda cha mkazi wake.

"Mpheteyi ndinagula pamsika," anatero Tahlia. Mawu ake anali osasa. "Akazi oyenda okha timauzana choncho. Uvale mphete, uzinena kuti mwamuna akubwera, amuna azikusiya."

Anafotokoza mwachidule, maso ali kukhomo. Munthuyo anakumana naye m'boti lochokera kuchilumba cha Lombok. Anakhala pambali pake, ndipo Tahlia anamuonetsa mphete n'kumuuza bodza lomwelo. Iye anangoseka, anamukoleka mkono paphewa n'kujambula asanakane. Kenako anayamba kumuona paliponse m'tauni ya kugombe: podyera, pamchenga, pakhomo la hotela. Tahlia anachokako mbandakucha osatsanzika aliyense, n'kubwera kumapiri kuno. Loweruka anaika pa intaneti chithunzi cha chipata cha Sudiasih, chikwangwani cha dzina la nyumbayo chikuoneka.

"Dzulo pobwera ndinaona nsapato zake pakhomo langa. Ndinazizindikira."

"Nanga osandidzutsa bwanji?"

Tahlia anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. "Anali ndi kiyi, Ibu. Ndinaganiza kuti mwagwirizana naye."

Sudiasih anatunga madzi m'botolo lalikulu n'kumupatsa, kenako anafunsa zomwe zatsala m'chipindamo. Munatsala chilichonse: pasipoti, khadi la kubanki, chotchajira foni, zovala.

Khitchini linalibe loko. Chitseko chake chinali cha nsungwi, chongotchingira nkhuku. Pakhomo lonselo chipinda chokhala ndi mpiringidzo m'kati chinali chimodzi, cha a Men Rimpig, nyumba ya mbali ya kuphiri, yokwera ndi masitepe, yopanda zenera, momwe amasungiramo zinthu za makolo. Kuti munthu afikeko kuchokera kukhitchini ankayenera kudutsa pakati pa bwalo, poonekera khonde la alendo.

Sudiasih anaika m'mbale mpunga wozizira wophikidwa dzulo, dzira ndi nthochi, n'kupita nazo kumapeto kwa bwalo. Grant anali atakhala kale pakhonde, tsitsi losapesa, akumwetulira.

"Mwadzuka bwanji, Ibu?" Ankanong'ona bwinobwino, ngati munthu wodziwa mwambo. "Mkazi wanga mwamuonako? Sanagone muno."

"Sindinamuone, bambo."

"Tinakangana pang'ono sabata yatha. Amatero akakwiya, amabisala ngati kamwana." Anapukusa mutu, n'kuloza chala pamphumi pake. "Pali mankhwala amene amamwa. Akawadumphitsa amayankhula zosadziwika, mpaka kukana kuti sandidziwa. Musadabwe nazo."

M'thumba la malaya ake munkaoneka m'mphepete mwa kabuku ka buluu woderapo, pasipoti ya Tahlia. Anaona kuti Sudiasih wakaona, ndipo anakasisita.

"Ndimamusungira. Amataya chilichonse."

Sudiasih anabwerera kukhitchini osathamanga. Anadikira mpaka anamva madzi akuwaza kubafa la alendo. Tsiku lina sakanawamva, koma tsikulo kunalibe njinga yamoto ngakhale imodzi m'chigwa chonse, ndipo dontho lililonse linkamveka. Anagwira Tahlia padzanja, mapatapata a mtsikanayo ali m'khwapa, n'kudutsa naye pabwalo.

A Men Rimpig anali pamphasa, akutafuna masamba awo ofiiritsa malovu. Makutu awo anali olemera, choncho kunong'ona kwawo kunkafika kuchipata.

"Mzungu m'chipinda changa? Wapenga iwe?"

"Pang'onopang'ono, Meme. Munthu uja si mwamuna wake," anatero Sudiasih, akuwatchula Meme, mayi m'chinenero chawo.

"Si mwamuna wake bwanji? Anandiuza yekha ndi pakamwa pake. Usiku umodzi wokha mwamuna wasanduka galu? Nanenso abambo ake a Wirya ankasanduka galu, koma sindinkathawira m'chipinda cha eni."

"Ananama, Meme. Amaopa amuna a m'njira."

"Ndiye ananama tsiku lija kapena wanama lero? Makeke aja anali abwino, ndikuuze." Agogowo anakoka dzanja la Tahlia n'kuliyandikitsa kumaso. Anasuntha mpheteyo ndi chikhadabo. Pansi pake khungu linali litabiriwira. Anafwenthera pambali. "Chitsulo chopaka ichi. Mwamuna wogula mphete yotere ndi wofunika kumuthawa ngakhale atakhala weniweni. Mufunse, ali kumwezi? Muli zinthu za makolo umo."

Sudiasih anafunsa, Tahlia anakana ndi mutu, ndipo agogowo anasendera pambali. Chitseko chinali chaching'ono, cholowa chowerama. M'kati munali mdima ndi fungo la lubani wakale. Sudiasih anaikamo botolo la madzi, nthochi ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro.

"Mupiringidze. Musatsegule pokhapokha mutamva mawu anga."

"Mpaka liti, Ibu?"

"Mpaka mawa ng'oma ikalira."

Dzuwa linakwera. Masiku onse nthawi imeneyo Sudiasih amakhala ali pakati pa ntchito, koma tsikulo manja analibe chochita, ndipo analibe ponamizira kuti azizungulira pabwalo. Anakhala pakhonde la khitchini. Kuchokera pamenepo ankaona masitepe a apongozi ake kumanzere, khonde la alendo kumanja, ndi chipata kutsogolo. Mpanda wa njerwa unali wotalika kuposa munthu. Kuseri kwake kunali mabanja amene anawadziwa kuyambira tsiku la ukwati wake, onse ali m'nyumba zawo, onse ali duu. Akanakuwa akanamva mudzi wonse, ndipo chaka chonse nkhani ikanakhala ya mkazi wa Wirya amene anaswa Nyepi chifukwa cha mkangano wa azungu.

Parwata anabwera masana kudzamwa madzi, atavala nsalu ya alonda ya mabokosi akuda ndi oyera, wailesi ya ovaova ili m'chiuno. Sudiasih anamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza zonse.

Parwata anamvetsera akupukuta thukuta. "Alamu, mtsikana ameneyu ndinamutenga ndekha pagalimoto. Anandiuza za mwamuna wake njira yonse. Mpaka dzina la ntchito yake."

"Ankakuopani."

"Ine? Ndi mimba yangayi?" Anaseka mopanda mawu. "Mkazi akakwiya amanena chilichonse. Mwaiwala mmene munkanenera za achimwene chaka chomwe anachedwa kubwera?"

"Mutulutseni pakhomo pano, alamu. Ndizo zokha ndikupempha."

"Ndimutulutse ndipite naye kuti? Hotela iti itsegule lero? Ife ntchito yathu ndi kubweza anthu m'nyumba, osati kuwatulutsa. Mzungu tikamupeza pamsewu timamuperekeza komwe akugona, basi."

"Itanani apolisi pa ovaova yanuyo."

"Lero galimoto imayenda pakakhala magazi kapena mayi wobereka."

"Ndiye tidikire magazi?"

Parwata anayang'ana kumbali. Pamenepo Grant anatulukira, akuyenda pang'onopang'ono, manja ali pachifuwa. Anayamikira nsalu ya Parwata, anafunsa tanthauzo la mabokosiwo, anapepesa chifukwa cha mavuto amene mkazi wake akubweretsa pa tsiku lopatulika. Anaonetsanso chithunzi chija. Anali atadziwa mawu angapo a chinenero cha dzikolo ndipo ankawaika pamalo pake. Parwata anagwedeza mutu kangapo.

Potuluka ananong'oneza mlamu wake kuti, "Munthu waulemu chonchi? Za m'banja n'za awiri, alamu. Mlendo ndi mame, mawa akhala atapita onse." Anakoka chitseko cha chipata, n'kubwerera kumsewu.

Parwata atangopita, Grant anasiya kumwetulira. Anayamba kufufuza. Sanabise, komanso sanafulumire. Analowa m'chipinda chachiwiri cha alendo, chomwe chinali chopanda munthu. Anasuzumira m'nkhokwe. Anazungulira kachisi wa banja, nsapato zili kuphazi. Analowa m'khitchini, Sudiasih ali pomwepo pakhonde, ndipo anatuluka ali ndi mpango wachikasu womwe Tahlia anauiwala kuseri kwa matumba. Anaununkhiza, n'kuuika pamiyendo ya Sudiasih.

"Simunamuone, Ibu?"

"Mwina anagona umo. Ine ndinadzuka mochedwa."

Grant anayenda mpaka pansi pa masitepe a a Men Rimpig, n'kuyang'ana chitseko chaching'onocho. Agogowo anali atakhala pasitepe ya pamwamba, miyendo itatambasulidwa pakhomo. Analavula malovu ofiira amene anagwera pafupi ndi chala cha phazi lake.

"Muuze kuti muno salowa mwamuna wachilendo," anatero kwa mpongozi wawo. "Muuzenso kuti makeke ake anandipweteketsa m'mimba."

Sudiasih anamasulira chiganizo choyamba chokha. Grant anagwedeza mutu.

"Ndikumvetsa. Mwambo ndi mwambo." Anayang'ana kumwamba, kenako kwa Sudiasih. "Ndamva kuti usiku wa lero kulibe nyali paliponse. Zoona? Ngakhale tochi?"

"Zoona."

"Ndiye kukhala mdima weniweni."

Anabwerera pakhonde lake, anatembenuza mpando kuti uyang'ane nyumba ya agogowo, n'kukhala.

Sudiasih anaganiza zomwe zinalipo. Parwata sakanabwera mpaka pakati pa usiku, mwinanso m'mawa. Mpiringidzo wa chitseko chija unali mtengo wakale wodyedwa ndi chiswe mbali imodzi, ndipo Wirya ankati adzausintha akabwera. Pakhomopo panali iye, apongozi ake a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndi mtsikana yemwe sanagone. Kukada palibe akanaona kanthu, ngakhale iye mwini. M'chipinda chopanda zeneracho, nthawi imeneyo ya masana, munkatentha ngati mu uvuni, ndipo kuyambira m'mawa sanamvemo ngakhale kutsokomola.

Mthunzi wa mpanda utafika pakati pa bwalo, Grant analowa m'chipinda chake. Sudiasih anamva chitseko cha chimbudzi chikutsekeka. Anaimirira, anatenga mpango uja, n'kupita kuchipata.

Chipata chawo chinali chopapatiza, chodutsa munthu mmodzi, chokhala ndi masitepe otsikira kumsewu. Kuyambira ali mwana anali asanaponde pamsewu tsiku la Nyepi. Anatsika. Phula linali lotentha, ndipo msewu unali wopanda kanthu mbali zonse, kupatula galu wogona pakati penipeni. Anayenda chotsetsereka mpaka pampanda wa oyandikana nawo, anagwetsa mpangowo poonekera, n'kubwerera. Mayi wina wa nyumba ya kutsidya ankamuyang'ana pampata wa chitseko. Sudiasih sanamupatse moni. Anasiya chipata chili pululu, n'kupita kukhonde la alendo.

"Bambo, watuluka."

Grant anali akumanga lamba. "Ndani?"

"Akazi anu. Anali m'chipinda cha agogo, ndinakunamizani. Atamva kuti mwalowa, watsegula n'kuthawa. Akuti akupita kupolisi, pamsewu waukulu. Mundithandize, bambo, akamupeza alonda mlandu ndi wanga."

Grant anamuyang'anitsitsa, kenako anayang'ana nyumba ya agogowo. Chitseko chinali chotseka monga kale. Anayenda mpaka pachipata, anasuzumira kumsewu, n'kuona chikasu chija paphula. Anaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Kenako anatsika masitepe n'kuyamba kuthamanga, mapazi ake akumveka m'mudzi monse.

Sudiasih sanatseke chipata. Ankadziwa lamulo monga Parwata analinenera: alonda amubweza komwe akugona. Anaima pakati pa mpatawo, manja atagwira mbali zonse ziwiri, n'kudikira.

Sanachedwe. Anabwera naye alonda anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, osamugwira. Wotsogolera anali Suweca, yemwe masiku ena amakonza njinga zamoto pamphambano. Parwata anali kumbuyo, maso ali pansi. Grant anali ndi mpango uja m'manja ndipo nkhope yake inali itafiira.

"Mbok, mlendo wanu uyu," ananong'ona Suweca, akumutchula Mbok, kutanthauza achemwali. "Tamupeza pamlatho. Simunamuuze za lero? Patukani alowe."

"Sindipatuka."

"Mwati bwanji?"

"Mlendo wanga ndi mmodzi, wamkazi. Uyu ndinamulowetsa molakwitsa. Salowanso."

Suweca anatembenukira kwa Parwata, yemwe ankamutchula Bli, kutanthauza achimwene. "Bli, za kwanu izi. Si mwamuna wa mtsikana wa mphete uja?"

"Amatero," anayankha Parwata.

"Amatero ndani? Mwamunayo kapena mkaziyo?"

"Onse awiri. Masiku osiyana."

Mlonda wina anabisa kuseka ndi dzanja. Suweca sanaseke. Anayandikira mpaka sitepe ya pansi.

"Mbok, musatichititse manyazi. Dzuwa likulowa. Munthuyu katundu wake ali m'nyumba mwanu, njinga yake ili pampanda wanu. Ifeyo timuike kuti? Mawa mukambirane, lero aliyense agone pomwe anagona dzulo."

"Dzulo mtsikanayo anagona kuseri kwa matumba a mpunga."

"Komanso akutiuza kuti ndinu munamutuma kumsewu. Zoona zimenezo?"

"Zoona."

Zitseko za kutsidya zinali zitatseguka pang'ono, ndipo m'mipata yake munali maso.

Grant sankamva chinenero chawo, koma anamva kuti nkhaniyo yaima. Anakwera sitepe imodzi. Ananong'ona kuti Ibu ndi mayi wabwino koma wasokonezedwa, kuti mkazi wake ndi wodwala, kuti akungofuna kumupatsa mankhwala. Sudiasih sanasunthe. Grant anakweranso sitepe ina. Tsopano nkhope yake inali pafupi, ndipo Sudiasih ankamva mpweya wake.

"Choka," anatero Grant, osanong'onanso.

Kenako anakuwa. Anakuwa dzina la Tahlia modutsa paphewa la Sudiasih, ndi mawu onse a m'chifuwa, kawiri. Linali phokoso loyamba m'mudzimo kuyambira m'mawa. Linagunda mpanda wa kachisi n'kubwerera. Agalu anayamba kuuwa, kuchokera nyumba ina kupita ina mpaka kutsidya la mtsinje, ndipo kwinakwake khanda linalira. Anagwira Sudiasih pamkono n'kumukoka. Chigongono cha mayiyo chinakhula njerwa, koma dzanja linalo silinasiye chipata.

Woyamba kumugwira Grant anali Parwata. Ena atatuwo anatsatira. Sanamumenye ndipo palibe anayankhula. Anamutsitsa masitepe, mapazi ake akukhwekhwereza, n'kumuimika pamsewu.

"Agona pabwalo la mudzi," anatero Suweca, akupuma mwamphamvu. "Tikhala naye mpaka m'mawa."

Sudiasih anadziwa bwino kuti sanamutenge chifukwa cha Tahlia. Anamutenga chifukwa cha phokoso.

"Alamu, ali ndi pasipoti ya mtsikanayo m'thumba la malaya."

Parwata anafunsa. Grant, yemwe anali atayambanso kunong'ona ndi kupepesa, anati anaisiya m'chipinda. M'thumba la malaya munalibe kanthu. Matumba a buluku anali otupa.

"Mupiseni," anatero Sudiasih.

"Ife si apolisi, Mbok," anayankha Suweca. "Kupisa mzungu m'thumba? Mawa tikhala ife pa mlandu. Ndipo za inu kuponda pamsewu tikambirana kumsonkhano."

Anapita naye. Sudiasih anatseka chipata n'kupita kuchipinda cha alendo kusanade. Anayang'ana pansi pa matiresi, m'kabati, m'chikwama cha Tahlia, m'chikwama cha Grant. Khadi la kubanki linalipo. Pasipoti panalibe.

Anakagogoda pachitseko chaching'ono chija. "Ndine, achemwali. Wapita. Alonda amutenga."

Mpiringidzo unachedwa kusuntha. Tahlia anali atanyowa ndi thukuta thupi lonse, ndipo madzi a m'botolo anali atatha. Anaima pakhomo, anapuma mpweya wa panja, n'kuyang'ana kuchipata.

"Akiya komwe ali?"

"Pabwalo la mudzi palibe makoma. Ndi denga ndi nsanamira. Koma alonda akhala naye."

"Mpanda uwu angakwere?"

Sudiasih anayang'ana mpandawo. "Angakwere."

Tahlia anabwerera m'kati. Anapempha madzi ena, ndipo anapempha kuti Sudiasih ndi agogowo alowe naye. Anagona atatu m'chipinda chopanda zeneracho, mpiringidzo utatsekedwa, bokosi la nsalu za makolo litakankhidwira pachitseko.

Lachiwiri pa 12 Malichi ng'oma italira, alonda anamumasula Grant. Analibe mphamvu yomusunga kupitirira pamenepo. Parwata anamutulutsira chikwama pachipata kuti asalowe. Grant anathokoza mlonda aliyense payekha, manja ali pachifuwa, anakwera njinga yake n'kutsetsereka cha kumsewu waukulu.

Msewu wopita kumzinda waukulu wa Denpasar ndi womwewo. Parwata anadikira mpaka misika itatseguka ndi magalimoto atachuluka, kenako anatenga Tahlia, Sudiasih atakhala naye kumbuyo. Anadzera njira ya kumtunda, yozungulira m'minda ya khofi. Njinga yamoto iliyonse ikawayandikira Tahlia ankatsetsereka pampando mpaka mutu kubisika. Panjira Parwata anafunsa ngati chigongono cha mlamu wake chikupwetekabe.

Anakanena kupolisi tsiku lomwelo, ndipo Lachitatu anapita ku ofesi ya dziko la kwawo kwa Tahlia kukapempha chiphaso chongoyendera. Masiku odikira chiphasocho Tahlia anakhala kwa mchemwali wa Sudiasih, m'kanjira kopanda chikwangwani, ndipo sanatuluke pakhomo. Anakwera ndege pa 19 Malichi. Atafika analemba uthenga waufupi wothokoza, n'kuwonjezera kuti akusamuka m'nyumba yomwe ankakhala, chifukwa m'pasipoti muja anali atasungamo kakhadi kokhala ndi adiresi yake.

Njinga yamoto ija inapezeka sabata yotsatira padoko la maboti opita ku Lombok, kiyi ali pomwepo. Apolisi anapeza mwini wake, munthu wobwereketsa njinga wa m'tauni ya kugombe. Iye anakumbukira mzungu wamtali waulemu, koma dzina lomwe anamupatsa silinali Grant, ndipo nayenso sanamufunse pasipoti. Dzina lenileni la munthuyo silikudziwikabe, ndipo palibe akudziwa ngati anatuluka m'dzikomo.